GPS pa bwato la mpikisano: zimene imayeza ndi zimene siiona

Mu 2016, pa masewera a Olimpiki a ku Rio de Janeiro m'dziko la Brazil, mbendera ya Mozambique inaoneka pa madzi. Mussa Chamaune ndi Joaquim Lobo anapikisana nawo pa masewera opalasa bwato, amene pa Chipwitikizi amatchedwa canoagem, ndipo Lobo anakaimiranso dziko lino ku Tokyo mu 2021. Izi zisanachitike, mu 2011, pamene Maputo inachititsa masewera a mayiko onse a mu Africa, mipikisano ya mabwato inachitikira ku Chidenguele m'chigawo cha Gaza. Choncho masewerawa si achilendo m'dziko muno, ngakhale amadziwika kwambiri kummwera.

Ku Kalomwe, pamalire a Boma la Angonia ndi Dedza, kulibe nyanja. Kuli mapiri, minda ya mbatatesi, ndi timitsinje timene m'chilimwe mwana amawoloka osanyowa mawondo. Koma achinyamata a m'derali sakhalitsa pakhomo. Ena amapita kukaphunzira ku Tete m'mphepete mwa Zambezi, ena ku Beira ndi ku Maputo, ena amakasaka ntchito ku Joni. Ambiri amanyamuka ali ndi foni yokhala ndi GPS m'thumba, ndipo GPS imeneyi ndi yomweyo imene opalasa a mipikisano amagwiritsa ntchito pokonzekera. Vuto lake n'lakuti imatulutsa manambala ooneka ngati osatsutsika. Wopalasa amene sadziwa kumene manambalawo achokera angathe miyezi akunyadira liwiro lomwe si lake, kapena akudzizunza chifukwa cha kuchedwa komwe sanachite iye.

GPS ndi gulu la masetilaiti a dziko la America amene amazungulira dziko lapansi ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 m'mwamba. Yoyamba inatumizidwa mu 1978, ndipo gulu lonse linakwanira n'kuyamba kugwira ntchito mokwanira mu 1995. Masiku ano alipo pafupifupi 30. Setilaiti iliyonse imakhala ikuulutsa uthenga wonena pamene ili ndi nthawi yeniyeni imene uthengawo wachoka. Foni kapena wotchi ikalandira uthenga wa masetilaiti anayi kapena kuposa apo, imawerengera nthawi imene uthenga uliwonse watenga panjira, ndipo potero imadziwa malo amene ili. Kufikira mu Meyi 2000, boma la America linkasokoneza dala uthengawu kwa anthu wamba, moti chipangizo chinkatha kuphonya malo ndi mamita ambiri. Chiletsocho chitachotsedwa ndi pamene GPS inakhala yothandiza kwa anthu a masewera. Mafoni ambiri a lero amamvanso masetilaiti a Russia otchedwa GLONASS, a ku Ulaya otchedwa Galileo ndi a China otchedwa BeiDou, ngakhale onsewo anthu amangowati GPS.

Chimodzi chimene chimasokoneza anthu a m'malire ndi nkhani ya netiweki. Ku Kalomwe foni imatha kugwira Movitel kapena Vodacom pano, n'kukagwira TNM kapena Airtel ya ku Malawi munthu akangoyenda pang'ono. GPS ilibe nazo ntchito zimenezo. Iyo imangomvetsera masetilaiti, siitumiza kanthu, siidya mayunitsi, ndipo imagwira ntchito ngakhale pakati pa nyanja pomwe palibe netiweki. Intaneti imafunika potsitsa mapu ndi pothandiza foni kupeza masetilaiti msanga, basi.

Madzi oyenda

GPS imayeza mmene bwato likusunthira poyerekeza ndi nthaka. Sidziwa kuti pansi pa bwatolo pali madzi, ndipo sidziwa kuti madziwo akuyenda. Pa msewu zimenezi zilibe kanthu chifukwa msewu suyenda. Pa mtsinje ndiye pagona nkhani yonse.

Chitsanzo chake nachi. Wopalasa wina amatha kuyendetsa bwato makilomita 10 pa ola pa madzi odekha. Tsiku lina akupalasa pa Zambezi pafupi ndi mlatho wa Samora Machel ku Tete, pamalo pamene madzi akuyenda makilomita 3 pa ola. Akamatsata madzi, wotchi yake ionetsa 13. Akatembenuka n'kumakwera mtsinje, ionetsa 7. Mphamvu zake sizinasinthe ngakhale pang'ono, koma manambala awiriwo asiyana pafupifupi kawiri. Amene wajambula nambala ya 13 n'kutumizira anzake pa WhatsApp wawatumizira liwiro la Zambezi.

Ambiri amaganiza kuti mankhwala ake n'kupita ndi kubwerera, kuti zimene madzi anapereka popita azilandenso pobwera. Zoona zake n'zakuti madzi amalanda zambiri kuposa zimene anapereka. Kilomita imodzi yotsata madzi pa liwiro la 13 imatenga mphindi 4 ndi masekondi 37. Kilomita yomweyo pokwera pa liwiro la 7 imatenga mphindi 8 ndi masekondi 34. Zonse pamodzi ndi mphindi 13 ndi masekondi 11, pamene pa madzi odekha makilomita awiriwo akanatenga mphindi 12 zokha. Chifukwa chake n'chakuti wopalasa amakhala nthawi yaitali akulimbana ndi madzi, n'kukhala nthawi yochepa akuthandizidwa nawo. Wotchi ikapereka liwiro la ulendo wonse ionetsa 9.1, ndipo mwini wake aganiza kuti wafooka. Njira yolondola n'kutenga liwiro la popita ndi la pobwera padera padera, kuphatikiza 13 ndi 7, n'kugawa pawiri. Pamenepo 10 uja amabwerera. Theka la kusiyana kwa manambala awiriwo, lomwe ndi 3, ndilo liwiro la mtsinje tsiku limenelo.

Izi zimagwira ntchito pokhapokha ngati bwato ladutsa mzere umodzimodzi popita ndi pobwera. Madzi a pakati pa mtsinje amathamanga kuposa a m'mphepete, ndipo msodzi aliyense wa pa Zambezi amadziwa kuti pokwera amayenda chakugombe. Wopalasa akatsika pakati n'kukwera chakugombe, masamu aja asokonekera. Komanso Zambezi wa ku Tete sakhala chimodzimodzi chaka chonse. Amasintha ndi mvula, amasinthanso ndi kuchuluka kwa madzi amene akutulutsidwa pa damu la Cahora Bassa. Nthawi ya mwezi wa Marichi singayerekezedwe ndi ya Okutobala ngati kuti ndi bwalo limodzi la mpira.

Pa nyanja ntchito ya mtsinje imagwiridwa ndi mphepo. Anthu a ku Metangula ndi a ku Salima amaudziwa mwera, mphepo ya kummwera imene imavuta nyanja m'miyezi yozizira, komanso mpoto umene umabwera nyengo ya mvula ikayandikira. Mphepo ikamawomba kumaso imakankha thupi la wopalasa ngati thanga, makamaka wa bwato la mtundu wa C-1 amene amapalasa atagwada bondo limodzi, thupi lili chilili. Wa kayaki, bwato la mtundu wa K-1, amakhala pansi ndipo amagwira nkhafi ya mitu iwiri, choncho mphepo imamupeza pang'ono. Ku gombe la Maputo kumawonjezekeranso kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja kawiri pa tsiku.

Palinso zina ziwiri zimene maso saona. Madzi osaya amagwira bwato kuti lisathamange, chifukwa funde limene bwato limapanga limakula likamakhudza pansi, n'chifukwa chake malo a mipikisano ikuluikulu amayenera kukhala akuya mamita awiri kapena kuposa. Ndipo bwato limaterera bwino m'madzi ofunda kusiyana ndi m'madzi ozizira. GPS sinena chilichonse pa zimenezi. Imangolemba kuti lero bwato lachedwa.

Mtunda waufupi

Foni yabwino ili pamtetete imaphonya malo ake ndi mamita pafupifupi asanu. Pa ulendo wa makilomita 10 mamita asanu si kanthu. Pa mpikisano wa mamita 200 ndi nkhani ina. Ku Rio mu 2016, wopambana pa C-1 ya mamita 200 anamaliza m'masekondi 39 ndi kachigawo, kutanthauza kuti bwato linkadutsa mamita asanu pa sekondi imodzi. Kuphonya kwa foni n'kofanana ndi sekondi yathunthu, pamene mamendulo pa mtunda umenewu amagawidwa ndi tizigawo ta sekondi. Kuwonjezera apo, mafoni ndi mawotchi ambiri amalemba malo kamodzi pa sekondi. Zipangizo za matimu olemera zimalemba kakhumi pa sekondi kapena kuposa, ndipo zimakhala ndi kachipangizo kena komva kugwedezeka kwa bwato nkhafi ikalowa m'madzi. Kampani ya Catapult ya ku Australia, imene lero imadziwika ndi tizipangizo timene osewera mpira amavala kumsana, inachokera pa ntchito yofufuza yomwe inachitika pamodzi ndi bungwe la Australian Institute of Sport, ndipo opalasa anali m'gulu la oyamba kuyesa zipangizozo.

Amene alibe ndalama zotere asataye nthawi kuyeza mamita 200 ndi foni. Mitengo iwiri yozikidwa pagombe, mtunda wake utayezedwa ndi chingwe kamodzi kokha, pamodzi ndi mnzake wogwira wotchi wamba, zimapereka nthawi yodalirika kuposa.

Malo oika chipangizo nawonso ndi nkhani. Wotchi ya pamkono imayenda ndi mkono, kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, kulowa m'madzi nthawi zina. Liwiro limene imaonetsa limadumphadumpha, ndipo mtunda umatha kutalika kuposa umene bwato layenda. Ndi bwino kuimanga pa bwato penipeni, kutsogolo kwa wopalasa, nkhope yake itayang'ana kumwamba. Kumeneko amathanso kuiwerenga osasiya kupalasa. M'malo a zigwembe, monga pafupi ndi khoma la damu ku Songo kumene mapiri amatsekereza thambo mbali zonse ziwiri, uthenga wa masetilaiti umabisika kapena umagunda matanthwe n'kufika mochedwa, ndipo mzere wa ulendo umatha kuonetsa bwato litakwera phiri.

Pamene imathandiza

Zonsezi sizikutanthauza kuti GPS ndi yachabechabe. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo aka kali ndi ntchito zimene kale zinkafuna boti la injini ndi mphunzitsi wotsatira pambuyo.

Ntchito yake yaikulu n'kuphunzitsa munthu kugawa mphamvu. Pa C-1 ya mamita 1,000 akatswiri amamaliza m'mphindi pafupifupi zinayi, lomwe ndi liwiro la makilomita 15 pa ola. Isaquias Queiroz wa ku Brazil, amene anakulira ku Ubaitaba m'mphepete mwa mtsinje wa Contas, anatenga mendulo ya golide ku Tokyo pa mtunda umenewu atamaliza m'mphindi 4 ndi masekondi 4. Wophunzira amanyamuka ngati akuthamangitsidwa, n'kufika pa mamita 600 manja atauma. Iye samva kuti wachepetsa liwiro, chifukwa kuwawa kwa thupi kumamuuza kuti akulimbikira kuposa poyamba. Akakhala pagombe n'kuona nthawi ya mamita 250 aliwonse, amaona yekha pamene bwato linayamba kufa.

Madzi salola kuthamanga kwaulere. Kuti liwiro la bwato likwere ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, wopalasa amafunika kuwonjezera mphamvu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndiye kuchoka pa 10 kufika pa 11 si kanthu kakang'ono monga nambalayo ikuonekera. Ndi chifukwa chomwechi kuthamanga kwambiri poyamba n'kuchedwa pomaliza kumadya mphamvu zambiri kusiyana ndi kusunga liwiro limodzi.

Liwiro la bwato limachokera pa zinthu ziwiri: kuchuluka kwa mapalaso pa mphindi, ndi mtunda umene bwato limayenda pa kupalasa kumodzi. GPS imapereka mtunda, wopalasa kapena mnzake amawerenga mapalaso. Wina akadutsa mamita 500 ndi mapalaso 160, ndiye kuti kupalasa kulikonse kukumuyendetsa mamita atatu ndi kachigawo. Patapita miyezi iwiri, akadutsa mtunda womwewo pa nthawi yomweyo ndi mapalaso 145, waphunzira kugwira madzi. Nambala iyi imanena zambiri za luso kuposa liwiro palokha, chifukwa kuvundula madzi msangamsanga aliyense angathe. Mawotchi ena okwera mtengo amawerenga okha mapalaso, koma kuwerenga ndi pakamwa kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri kumakwanira.

Mzere umene GPS imajambula pa mapu umaululanso kukhota. Wopalasa mbali imodzi, kaya ndi wa C-1 kaya ndi msodzi wa bwato losema, amadziwa kuti bwato limathawira mbali inayo, ndipo amaliwongola popotoza nkhafi kumapeto kwa kupalasa. Akatopa kupotozako kumachepa. Timakhotedwe ting'onoting'ono foni sitiona, koma uta waukulu umene umatalikitsa ulendo umaoneka bwino.

Chomwe chimatsala ndi mtima. Liwiro limanena zimene bwato lachita, kugunda kwa mtima kumanena mtengo umene thupi lalipira. Ngati pa malo omwewo, m'mawa wopanda mphepo, bwato likuyenda liwiro lakale koma mtima ukugunda pang'ono, thupi lalimba. Ngati liwiro latsika ndipo mtima wakwera masiku angapo otsatizana, pamenepo pafunika kupuma, kapena kupita kukayezetsa malungo. Kachipangizo koyeza mtima ka pa wotchi ya pamkono kamasokonezeka dzanja likafinya nkhafi, choncho lamba wa pachifuwa ndiye wodalirika. Popanda zonsezi, zala ziwiri pakhosi kwa masekondi 15, n'kuchulukitsa kanayi, zimagwira ntchito.

Manambala a tsiku limodzi alibe tanthauzo. Amayamba kulankhula akalembedwa m'kope kwa miyezi, pamodzi ndi zimene GPS sinaone: ola lake, kumene mphepo imachokera, pamene madzi anafika pa mwala wodziwika wa pagombe, ndi bwato limene linagwiritsidwa ntchito. Bwato la mpikisano la munthu mmodzi limatalika mamita 5.2, ndipo kayaki yake imatha kulemera makilogalamu 12 okha. Kuyerekeza nthawi ya bwato lotere ndi ya bwato losema ku mtengo n'kuyerekeza njinga yamoto ndi ngolo.

Za amene ali kumapiri

Pali mtundu wina wa mpikisano umene umayandikira moyo wa ku Angonia kuposa wa Olimpiki. Ku South Africa, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, kumachitika mpikisano wa Dusi umene unayamba mu 1951, ndipo mmodzi wa oyambitsa anali Ian Player. Opikisana amachoka ku Pietermaritzburg kupita ku Durban, makilomita pafupifupi 120 m'masiku atatu, motsata mitsinje ya Msunduzi ndi Umgeni. M'malo angapo amatuluka m'madzi, kusenza bwato paphewa, n'kuthamanga nalo m'tinjira ta m'mapiri. Mu 2008 Michael Mbanjwa, wobadwira m'chigwa chomwecho, anakhala wakuda woyamba kupambana mpikisanowu ali m'bwato limodzi ndi Martin Dreyer. Mu 2014 Sbonelo Zondi, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina la Khwela, anapambana ali ndi Andy Birkett. Anyamata a m'chigwacho amadziwika ndi mphamvu zawo pa zigawo zothamanga ndi bwato paphewa.

Pa gawo limeneli GPS imagwira ntchito popanda chinyengo cha madzi, ndipo wachinyamata wa ku Kalomwe ali ndi chimene wa ku Maputo alibe. Dera la Kalomwe ndi Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja ya mchere, kumene mpweya ndi wochepa mphamvu ndipo mapapo ndi mtima zimazolowera kugwira ntchito yolemera. Njira imodzi ya makilomita asanu yokwera ndi kutsika, yothamangidwa tsiku lomwelo sabata iliyonse, imapereka manambala oyerekezeka chifukwa phiri silisuntha. Chochenjera nacho n'chakuti GPS imaphonya kwambiri poyeza kukwera kusiyana ndi poyeza mtunda, choncho nambala ya mamita amene munthu wakwera isadaliridwe kwenikweni. Ndipo kuthamanga sikulowa m'malo mwa kupalasa. Kumalimbitsa mtima ndi miyendo, koma kukhazikika m'bwato lopyapyala ndi kugwira madzi ndi nkhafi zimaphunziridwa pa madzi pokha. Amene afuna kulowa masewerawa mozama ayenera kufika kumene kuli mabwato ndi aphunzitsi, ndipo m'dziko muno amayendetsedwa ndi bungwe la Federação Moçambicana de Vela e Canoagem.

Makolo amene mwana wawapempha ndalama za wotchi ya GPS kuti ayambe kupalasa angachite bwino kufunsa kaye ngati mwanayo amatha kusambira ndiponso ngati ali ndi jekete yoyandamitsa. Wotchi ingadikire, popeza foni yomangidwa m'thumba losalowa madzi imachita zambiri mwa zimene wophunzira amafuna m'chaka choyamba. Ikhale yomangiriridwa ku bwato ndi chingwe, chifukwa bwato la mpikisano limagubuduka kawirikawiri munthu akamaphunzira, ndipo foni siyandama. GPS imadyanso batire msanga, makamaka galasi likakhala loyaka nthawi yonse. Wopita kutali ndi gombe asathere batire yonse poyeza liwiro, chifukwa foni yomweyo ndi imene adzaimbire zinthu zikavuta, ndipo manambala a malo amene imaonetsa ndi amene angathandize omufunafuna.

Pa Zambezi ndi pa Cahora Bassa pali mvuu ndi ng'ona, ndipo mapu a mu foni saonetsa pamene zagona. Amene amadziwa ndi asodzi a pamalopo, omwenso amadziwa ola limene mphepo imayamba kuvundula madzi. Njira yoyesererapo isankhidwe pamodzi ndi iwo, kenako isungidwe mu foni kuti izidutsidwa yomweyo nthawi zonse, ndipo ifunsidwenso madzi akakwera, popeza mvuu zimasamuka mtsinje ukadzaza.